NG'OMA YOLIRA BWINO

Akuluakulu adati ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika. Mwambi umenewu timakonda kuuponyera ana aluso powachenjeza kuti asadzitame, ngati kuti ng'oma imadzing'amba yokha. Koma ine ndikauganizira bwino ndimaona kuti mwambiwu sukuloza ng'oma ayi, ukuloza mwini manja. Ng'oma yogontha imatha zaka ndi zaka ili pakhonde, chikopa chake chili bwinobwino, popeza palibe woifuna. Yolira bwino ndiyo imawambidwa pamoto usiku uliwonse, ndiyo imabwerekedwa ku midzi yonse, ndiyo imaimbidwa mpaka mbandakucha. Ikang'ambika, woimba uja amangotambasula dzanja natenga ina.

Nkhani imene ndafuna kucheza nanu ndi ya aphunzitsi ndi ophunzira awo aluso kopambana, koma ndikutengerani kutali, ku maiko ozizira, ku masewera amene Azungu amawatcha figure skating. Awa ndi masewera otsetsereka ndi kuvina pa madzi oundana. Ine ndimawaonera pa kanema, ndipo ndawatsatira kwa zaka zingapo. Poyamba chimene chidandikoka ndi kukongola kwake. Koma m'kupita kwa nthawi maso anga adachoka pa wovina uja nayamba kuyang'ana munthu wa chijasi amene amaima kuseri kwa kampanda, m'mphepete mwa bwalo. Ameneyu ndiye mphunzitsi, ena amati kochi, ndipo m'masewera amenewa mphamvu zake pa moyo wa mwana zimaonekera poyera kwambiri.

Kuti timvane, ndiyambe ndalongosola pang'ono za masewerawa. Bwalo lake ndi la mamita 60 m'litali ndi mamita 30 m'lifupi, lonselo madzi ouma gwa ngati galasi. Wosewera amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi kwake, ndipo kuchindikala kwa mpeniwo ndi mamilimita 4 okha. Pa kachitsulo kameneka amathamanga, amazungulira ngati nguli, amadumpha nazungulira m'malere katatu kapena kanayi sekondi imodzi isanathe, kenaka natera ndi mwendo umodzi akutsetsereka cham'mbuyo. Zonsezi amachita motsatira nyimbo, akumwetulira ngati palibe chowawa. Gawo lalikulu la mpikisano limatenga mphindi 4. Kuti afike pamenepo, mwana amayamba ali ndi zaka 4 kapena 5, ndipo akamafika zaka 12 amakhala akutha maola ambiri pa bwalo kuposa amene amacheza ndi makolo ake.

Tsono wodumpha sadziona. Ali m'malere sangadziwe ngati phewa lake lapendekeka kapena ngati wachedwa kukunga manja. Maso ake ndi mphunzitsi. Ndiye amene amanena kuti dumphanso, kapena kuti basi kapume. Kawirikawiri ndiyenso amasankha nyimbo, zovala ndi mipikisano yokalowa, ndipo m'malo ena amamkweza mwanayo pa sikelo tsiku ndi tsiku kuti aone ngati wanenepa. Mpikisano ukatha, awiriwa amakakhala pa kabenchi kamene eni ake adakatcha kiss and cry, ndiye kuti malo opsompsonana ndi kulira, nadikira malikisi a oweruza dziko lonse likuyang'ana. Pa kabenchi pamenepo mpamene ndaphunzira zambiri za uphunzitsi.

Mfundo yanga nayi. Anthu ambiri amaganiza kuti wophunzira waluso ngwamwayi, popeza mphunzitsi amamkonda namtayira nthawi yambiri. Ine ndikuti wophunzira waluso ali pa ngozi yoposa ya anzake onse, ndipo ngoziyo ndi mphunzitsi wake yemwe. Mwana wamba akamaphunzira, mphunzitsi sayembekezapo kanthu kena koma malipiro ake. Akatopa amamlola kupuma, akafuna kuleka amatsazikana bwino. Koma mwana waluso wasenza dzina la mphunzitsi, tsogolo lake, ndi maloto amene iyeyo adalephera kuwafikira pamene adali wosewera. Paja timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo timakonda kulekezera pomwepo chifukwa mpokoma. Koma mwambiwu umapitirira: ukachenjera manja udya naye. Pamene pali kudya mpamene pali mayesero. Kuyambira tsiku limene mphunzitsi wazindikira kuti mwana uyu adzandidyetsa, funso lililonse limakhala ndi mayankho awiri, lokomera mwana ndi lokomera mphunzitsi, ndipo si nthawi zonse pamene awiriwa amagwirizana.

Mayesero oyamba ndi changu. Mtsikana amene sanathe msinkhu thupi lake limakhala lopepuka ndi lowonda, motero amazungulira msanga m'malere. Akakula, chiuno nkutambalala, kulemera nkuwonjezeka, kadumphidwe kaja kamasokonezeka, ndipo pamapita nthawi kuti alizolowere thupi lake latsopano. Apa mphunzitsi ali pa mphambano. Akhoza kudikira naye mwanayo, kupirira naye kugwa ndi kugonja mpaka thupi litakhazikika. Akhozanso kukolola msanga thupi lisanasinthe, likasintha nkutembenukira kwa wina wamng'ono amene ali kale pa mzere.

Pakati pa 2014 ndi 2022 panalibe mphunzitsi wa atsikana amene adatchuka kuposa Eteri Tutberidze, mai wa ku Moscow. Mu 2014 ku Sochi, wophunzira wake Yulia Lipnitskaya, wa zaka 15, adathandiza dziko la Russia kupata mendulo ya golide pa mpikisano wa matimu wa Olimpiki. Chaka chotsatira adachoka kwa mphunzitsiyu, ndipo mu 2017, ali ndi zaka 19, adalekeratu masewerawa atalandira chithandizo cha anorexia, matenda amene munthu amadzimana chakudya poopa kunenepa. Malo ake adatenga Evgenia Medvedeva, amene adakhala katswiri wa dziko lonse mu 2016 ndi 2017. Koma pa Olimpiki ya 2018 ku Pyeongchang, ali ndi zaka 18 ndipo atangochira fupa la phazi, iyeyu adagonja ndi malikisi 1.31 okha kwa mnzake wa pa bwalo lomwelo, Alina Zagitova, wa zaka 15. Zagitova adapambananso mpikisano wa dziko lonse mu 2019, koma pofika Disembala chaka chomwecho, ali ndi zaka 17, adalengeza kuti ayamba wapuma, ndipo sadabwererenso ku mipikisano. Apo nkuti atsikana atatu ang'onoang'ono a mphunzitsi yemweyo atayamba kale kumpitirira.

Mapeto ake tidawaona ku Beijing pa 17 Febuluwale 2022. Kamila Valieva, wa zaka 15, amene aliyense ankayembekeza kuti atenga golide, adalowa m'bwalo dziko lonse litamva kale kuti m'mikodzo imene adapereka pa 25 Disembala 2021 mudapezeka mankhwala oletsedwa otchedwa trimetazidine. Mwanayo adagwa kawiri, adaphophonya kangapo, natuluka akulira. Mau oyamba amene mphunzitsi wake adamlandira nawo, makamera akujambula, adali omfunsa chifukwa chimene walekera kulimbikira. Chapambali, Anna Shcherbakova, amene adapambana golide, adakhala yekhayekha atakumbatira chidole. Alexandra Trusova, wa siliva, adali kulira mokuwa kuti amadana nawo masewerawa. Onse atatu adali ana a mphunzitsi mmodzi. Ngati mendulo ndizo muyeso wa uphunzitsi, ndiye kuti usiku umenewo Tutberidze adapambana, pakuti golide ndi siliva zidalowa m'nyumba mwake. Koma ndani mwa ife angafune kuti mlongo wake akhale mmodzi wa atatuwo? Mu Januwale 2024 bwalo la milandu ya zamasewera la ku Lausanne lidaletsa Valieva kupikisana kwa zaka 4, kuwerengera pa tsiku la mikodzo lija. Dzina limene lidalembedwa pa chilangocho lidali la mwanayo. Izi zisanachitike, mu Juni 2022, bungwe la International Skating Union lidagamula zokweza pang'onopang'ono msinkhu wolowera m'mipikisano ya akuluakulu kuchoka pa zaka 15 kufika pa 17. Lamulo limabwera pamene chikumbumtima chalephera.

Komatu njira ina ilipo. Elizaveta Tuktamysheva, wochokera ku tauni ya Glazov, adali mwana wodabwitsa nayenso, ndipo Alexei Mishin wa ku St Petersburg adayamba kumphunzitsa akadali wamng'ono. Adapambana mpikisano wa dziko lonse mu 2015 ali ndi zaka 18, kenaka zinthu zidamthina kwa zaka zingapo, ang'onoang'ono aja akumpitirira. Mishin sadamtaye. Mu 2021 ku Stockholm, ali ndi zaka 24, adatenga siliva pa mpikisano womwewo. Ku Japan nako, Kaori Sakamoto wa ku Kobe adakulira m'manja mwa mai Sonoko Nakano kuyambira ubwana. Ndiye amene adatenga mendulo yachitatu usiku uja wa misozi ku Beijing, ali ndi zaka 21, ndipo misozi yake yokha ndiyo idali ya chimwemwe. Pambuyo pake adakhala katswiri wa dziko lonse mu 2022, 2023 ndi 2024, ngakhale nzoona kuti m'zaka zimenezo a ku Russia adali ataletsedwa chifukwa cha nkhondo ya ku Ukraine. Kwa ine phunziro lake nlakuti mphunzitsi wa mwana waluso aziwerenga zaka, osati miyezi. Azidzifunsa kuti kodi mwana uyu akadzafika zaka 30, msana ndi maondo zidzakhala zili bwanji, nanga adzafunanso kuvala nsapato zimenezi?

Mayesero achiwiri ndi tsankho. Mphunzitsi wotchuka sakhala ndi katswiri mmodzi yekha, popeza aluso amaitanana. Tsono amasanduka ngati mwamuna wa mitala: nyumba ziwiri, thumba limodzi, ndipo nyumba iliyonse ikuyang'anitsitsa kumene kwapita chitenje chabwino. Mishin yemwe ndamtamayu adapunthwa apa. M'zaka za m'ma 1990 adali ndi anyamata awiri, Alexei Yagudin ndi wina wocheperapo msinkhu, Evgeni Plushenko. Yagudin adatenga ukatswiri wa dziko lonse mu 1998 ali kwa Mishin, koma chaka chomwecho adachoka napita kwa Tatiana Tarasova, poona kuti mtima wa mphunzitsi wake wapendekera kwa wamng'onoyo. Pa Olimpiki ya 2002 ku Salt Lake City, Yagudin adatenga golide, Plushenko siliva. Mwana amalimva tsankho lisanatchulidwe nkomwe. Amaliona pamene iye wadumpha bwino koma maso a mphunzitsi ali ku mbali ina ya bwalo.

Yerekezani ndi Brian Orser wa ku Toronto, amene pa nthawi yake adatenga siliva pa Olimpiki kawiri, mu 1984 ndi 1988, osalawako golide. Mu 2012 Yuzuru Hanyu wa ku Japan adapita kwa iye, nakapeza Javier Fernández wa ku Spain ali kale komweko. Awiriwa adali osiyana ngati usana ndi usiku: Hanyu wodzikakamiza mpaka kudzipweteka, Fernández wofatsa, wokonda nthabwala, wofuna womkankha. Kwa zaka 6 adagawana bwalo limodzi akulimbirana mendulo zomwezo. Hanyu adatenga golide wa Olimpiki mu 2014. Fernández adamgonjetsa pa mpikisano wa dziko lonse mu 2015 ndi 2016. Mu 2018 ku Pyeongchang Hanyu adatenganso golide, Fernández mendulo yachitatu, ndipo atamva zotsatira adakumbatirana. Pa mipikisano Orser ankavala jekete ya Japan poimirira mmodzi, nkuvula, nkuvala ya Spain poimirira mnzake. Ena ankaseka, koma ine ndimaona kuti chilungamo cha mphunzitsi ndicho chimenecho. Si kupatsa onse phala lofanana ayi, pakuti wina amafuna kumgwira kuti asathamange, wina kumkankha kuti ayende. Chilungamo nkuti pa mphindi zake 4 aliyense adziwe kuti munthu ali kuseri kwa kampandayo ngwake yense wathunthu.

Mayesero achitatu ndi odzisandutsa kholo, ndipo awa ngovuta chifukwa amayamba ndi chifundo chenicheni. Midori Ito wa ku Nagoya, mkazi woyamba kudumpha mdumpho wa Axel wozungulira katatu ndi theka pa mpikisano mu 1988, adakulira m'nyumba ya mphunzitsi wake, mai Machiko Yamada, banja la makolo ake litatha. Oksana Baiul wa ku Ukraine mai ake adamwalira iye ali ndi zaka 13, ndipo Galina Zmievskaya adamtenga nakhala naye pakhomo pake ku Odessa. Mu 1994 ku Lillehammer mwana wamasiyeyo adatenga golide ali ndi zaka 16. Palibe angatsutse kuti amai awiriwa adachita za umunthu. Koma taganizani za mwana amene womdyetsa, womveka, womphunzitsa ndi womsankhira mipikisano ali munthu mmodzi. Akadwala mwendo auza yani kuti sindifuna kudumpha lero? Akachitiridwa choipa athawira kuti? Mu Januwale 2020 Sarah Abitbol wa ku France, amene adatengako mendulo pa mpikisano wa dziko lonse mu 2000, adatulutsa buku m'mene adanena kuti mphunzitsi wake wakale ankamgwiririra pakati pa 1990 ndi 1992, iye ali ndi zaka 15 mpaka 17. Adakhala chete zaka pafupifupi 30. Mwezi wotsatira mkulu wa bungwe la masewerawa ku France, Didier Gailhaguet, adatula pansi udindo. Motero ndikuti mphunzitsi wabwino, ngakhale mtima wake uli woyera chotani, aonetsetse kuti mwana waluso ali ndi makomo ena: makolo, dokotala amene sadya za mphunzitsiyo, sukulu, ndi abwenzi amene sadziwa nkomwe kuti Axel nchiyani. Mphunzitsi amene amatseka makomo amenewa ponena kuti akumteteza mwanayo ku zosokoneza, ameneyo ngofunika kumuyang'anitsitsa.

Mayesero otsiriza, ndipo kwa ine aakulu koposa, ndi tsiku lolekana. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Frank Carroll wa ku America, amene adamwalira mu 2024, adawaona mayesero amenewa mbali zonse ziwiri. Michelle Kwan adamulandira ali kamtsikana, ndipo mu 1992, Carroll atachokapo pang'ono, kamtsikanako kadakayesedwa mayeso olowera gulu la akuluakulu popanda chilolezo chake. Carroll adakalipa, koma sadampirikitse. Adaona kuti mtima umene wamnyozerawo ndi womwewo umene udzampambanitse. Adayenda limodzi mpaka Kwan atatenga ukatswiri wa dziko lonse kanayi ndi siliva wa Olimpiki mu 1998. Ndiye mu Okutobala 2001, patatsala miyezi 4 kuti Olimpiki ya ku Salt Lake City iyambe, Kwan adati basi, ndiyenda ndekha. Carroll adali asanakhalepo ndi wophunzira wotenga golide wa Olimpiki. Chiyembekezo chake chidatuluka pa khomo tsiku limenelo, ndipo adadikira mpaka 2010 pamene Evan Lysacek adamtengera golideyo ku Vancouver. Adapirira. Koma munthu yemweyo mu Januwale 2017, Gracie Gold atatsika kufika pa nambala 6 pa mpikisano wa dziko lawo, adauza atolankhani kuti alekana naye asanamuuze mwini wake. Chaka chomwecho Gold adakalandira chithandizo cha matenda a nkhawa, kukhumudwa ndi kudzimana chakudya. Tutberidze naye, Medvedeva atachoka mu 2018 kupita kwa Orser, adakaulula pa wailesi ya kanema zimene mtsikanayo adamuuza ali m'misozi. Ndi Orser yemwe, kulekana kwake ndi Yuna Kim wa ku South Korea mu 2010, patangopita miyezi ingapo chitengereni golide ku Vancouver, kudathera m'manyuzipepala. Mukuona kuti ngakhale ochenjera amaterereka pa malo amenewa.

Ululu wake ndimaudziwako pang'ono. Ndili ku sekondale kudali aphunzitsi ena a Chingerezi amene adaona kanthu m'zimangirizo zanga. Adandibwereka mabuku a m'nyumba mwawo, ankandikhazika pansi Loweruka masana kukonza chiganizo ndi chiganizo, ndipo popanda iwo sindikadakhala ndikulemba lero. Koma ndili Fomu 4 ndidawapatsira kope la ndakatulo zanga za m'Chichewa, nditawauza kuti aphunzitsi ena adaziona kale nandilimbikitsa. Adalandira kopelo, adaliyang'ana kunja kokha, nandibwezera osalitsekula. "Ndiye pitani kwa iwowo," adatero. Chiyambire kundidziwa adali asananditchulepo kuti inu. Mpaka ndidachoka pa sukulupo sitidachezenso. Ndimawathokozabe, koma tsiku limenelo ndidazindikira kuti chimene ankakonda kwenikweni chidali chithunzi chawo chimene ankachiona mwa ine. Luso la mwana si munda wa mphunzitsi. Iye adangopemphedwa kupalira. Mbeu adaipeza itamera kale, ndipo nkhokwe nja mwini.

Wina mwa inu anena kuti zonsezi ndi kulekerera, kuti ukatswiri sudza ndi kusisita, ndipo m'mera mpoyamba. Ndikuvomera. Munthu sangazungulire kanayi m'malere chifukwa chouzidwa kuti wachita bwino pamene sadachite bwino. Ndiponso kumnamiza mwana waluso ndi mtundu wina wa kumdyera, pakuti mphunzitsi amene amaopa kumdzudzula katswiri wake amakhala akuopa kutaya chuma chake. Jutta Müller wa ku Karl-Marx-Stadt, ku East Germany, adali mai wa nkhope yolimba, wosaseka wamba, ndipo adamkhwimitsira zinthu Katarina Witt mpaka kutenga golide mu 1984 ndi 1988. Koma pamene Witt, ali mai wamkulu, mfulu ndi wa chuma chake, adafuna kubwerera ku Olimpiki ya 1994, adakagogoda kwa mphunzitsi wake yemwe uja. Tsono nkhani si kulimba kapena kufewa ayi. Funso nlakuti kulimbako kukutumikira yani. Mphunzitsi akadzudzula phewa lopendekeka, akuphunzitsa. Akadzudzula mwanayo chifukwa chomchititsa iye manyazi, wayamba kulipiritsa ngongole.

Chitsanzo chimene chimandilimbitsa mtima ndi cha Alysa Liu wa ku California. Adatenga ukatswiri wa dziko la America mu 2019 ali ndi zaka 13, wamng'ono kuposa akazi onse amene adautengapo. Mu 2022 adapita ku Olimpiki, adatenga mendulo yachitatu pa mpikisano wa dziko lonse, ndipo mu Epulo, ali ndi zaka 16, adati ndatopa, ndaleka. Adakalowa sukulu ya ukachenjede nakhala monga anzake. Mu 2024 adabwerera yekha, popanda womtuma, kwa aphunzitsi ake akale, Phillip DiGuglielmo ndi Massimo Scali, koma ulendo uno adabwera ndi mfundo zake: nyimbo, zovala, chakudya ndi kuchuluka kwa ntchito azikhala ndi mau pa zonsezo. Aphunzitsiwo adavomera kutsika pa mpando wa ufumu nakhala aphungu. Mu Malichi 2025 ku Boston, ali ndi zaka 19, adakhala katswiri wa dziko lonse. Ng'oma imeneyi idapulumuka chifukwa idapachikidwa kaye isanang'ambike.

Sindikubisirani, anzanga, kuti polemba za madzi oundana diso langa lina lili pompano. Ifenso tili nawo aphunzitsi amene amati akapeza wophunzira mmodzi wowala m'kalasi la anthu 50 mtima umagunda, ndipo tili nawo ophunzira amene ndakatulo yawo yoyamba idatidzidzimutsa tonse pa msonkhano wa alembi. Kwa aphunzitsi otere pempho langa nlakuti musafulumire kukolola, musamange nyumba imodzi pogwetsa inzake, musatseke makomo, ndipo mukonzekeretu tsiku limene wophunzirayo adzakutsutseni kapena kukupitirirani. Mphunzitsi wa munthu waluso amagwira ntchito yodzichotsa yekha ntchito. Tsiku limene safunikanso ndilo tsiku limene wakhoza.

Pa mipikisano yonse ya masewera aja pali kamwambo kena kakang'ono. Wosewera akamalowa m'bwalo amachotsa zotchingira za pulasitiki ku mipeni ya nsapato zake, amavulanso jekete, napereka zonsezo kwa mphunzitsi. Mphunzitsiyo saponda pa madzi oundanawo. Amatsala kuseri kwa kampanda atanyamula katundu wa mwini. Nyimbo ikatha, mwanayo amabwerera pa chipata, kaya wapambana kaya wagwa, thukuta lili kamukamu, mpweya uli m'mwamba, ndipo sangayende pansi pouma popanda zotchingira zija kuopa kubunthitsa mipeni. Ntchito yoyamba ya mphunzitsi pa mphindi imeneyo nkumbwezera zotchingira zake ndi kumfunditsa jekete. Za phewa lopendekeka zikhoza kudikira mpaka mawa.